Kuona Maso a Nkhono

"Dzedzeredzedzere salingana n'kugweratu," adatero akale, ndipo ponena mawu amenewa ankalimbitsa mtima munthu amene zinthu zamupendekera koma sizinamugwere, kumukumbutsa kuti amene akali chilili, angakhale mawondo ake anjenjemere bwanji, ali nacho chiyembekezo chimene wogwa alibe. Mwambi umenewu ndi woona pa matenda, ndi woona pa munda wa chaka cha ng'amba, ndiponso ndi woona pa banja logwedezeka. Komatu chilipo chinthu chimodzi chimene chalowa m'nyumba zathu masiku ano, chimene akalewo sadachione ndi maso awo, ndipo pa chimenechi ine ndapenya kuti kudzedzereka kumasautsa mtima koposa kugwa kumene. Ndinena za intaneti ya pakhomo, imene imatifikira kudzera m'kabokosi kaja ka nyale zophethira kotchedwa rauta, ndi za khalidwe lake lija loduka ndi kubwerera, kuduka ndi kubwereranso, osafa koma osakhalanso ndi moyo.

Pakuti intaneti ikafa kotheratu, mwini nyumba savutika kudziwa chochita: aitana mmisiri, mmisiri afika, aona ndi maso ake nyale yofiira, natsata chingwe kufikira atapeza poduka. Koma ikamaduka kwa mphindi ziwiri zokha, kasanu kapena kakhumi pa tsiku, mmisiriyo adzafika nthawi imene zonse zili bwino, adzatsegula tsamba ili ndi ilo pa foni yake, ndipo adzabwerera kwawo akulingalira mumtima kuti mwini nyumbayo ndi munthu wodandaula pachabe. Ndipo asanafike n'komwe pa msewu waukulu, intaneti ija yadukanso. Wina anganene kuti mphindi ziwiri si kanthu. Wonena chotero sadaonepo mwana wa sukulu akudzaza fomu yopemphera malo ku yunivesite pa tsiku lotsiriza, tsamba n'kumufera m'manja, zonse zimene adalemba n'kufufutika. Sadaonepo mayi wokalamba akulankhula pa WhatsApp ndi mwana wake amene ali ku Johannesburg, nkhope ya mwanayo n'kuuma pa galasi la foni mawu akali m'kamwa, mayiyo n'kumaitana dzina lake kawiri katatu popanda wovomera. Ndiponso sadawerengere kuti bandulo imene ikuthera m'kuyesa ndi kuyesanso idagulidwa ndi ndalama ya thukuta, imene ikadagula ndiwo za banja lonse.

Tsono mtima wa munthu ukasautsidwa sufuna kukhala wopanda womuloza chala. Bambo anena kuti kampani ndi yakuba. Mayi anena kuti ana amaliza intaneti ndi makanema awo. Ana anena kuti rauta yakalamba, tigule ina. Ndipo onse pamodzi akayikira anansi a kuseri kwa mpanda, ati adaba pasiwedi. Kapena mmodzi wa iwo walasa, pakuti zonsezi zimachitika ndithu. Koma kulasa mwangozi sikulingana ndi kudziwa, ndipo nyumba imene igamula isanafunse imataya ndalama pogula zosafunika, nitayanso mtendere poneneza osalakwa. Ine ndikuti vuto limeneli ndi mlandu, ndipo liyenera kuzengedwa monga mafumu ndi nduna zawo ankazengera milandu pabwalo: woganiziridwa aliyense aitanidwe payekha, mboni zimveke, zifunsidwe za tsiku ndi nthawi ndi malo, ndipo chigamulo chidze potsiriza. Pakuti m'zipangizo zimenezi mulibe chochitika popanda chochititsa. Chimene ife tichiyesa chisawawa chopanda mutu chili nalo ola lake, chili nawo malo ake, chili naye mnzake woyenda naye, kaya ndi kutentha kwa masana, kaya ndi mvula, kaya ndi chipangizo china choyatsidwa m'chipinda china. Chimene chimasowa ndiye munthu woti akhale pansi ndi kupenyetsetsa kufikira zimenezi zitaonekera poyera.

Apa ndi pamene mwambi wina, umene ndiuyesa mwini wake wa nkhani yonseyi, ulowera m'bwalo: "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Aliyense amene adakulira kumene nkhono zimakwawa m'dzinja adziwa kuti maso ake ali kunsonga kwa tinyanga tofewa, ndi kuti ukangoikhudza, kapena kugwedeza tsamba limene yakhalapo, imabweza tinyangato nilowa m'chigoba chake, ndipo ungaigogode chotani sudzaona kanthu koma chigobacho. Wofuna kuona masowo ayenera kuletsa dzanja lake. Ife tsono, intaneti ikangoduka, dzanja lathamangira kale ku soketi: tizimitsa rauta, tiyatsanso, tidikira kuti nyale zibwerere, ndipo zikabwerera tinena kuti takonza. Sindinyoza mwambo umenewu, chifukwa uli ndi pake. Rauta ndi kakompyuta kakang'ono, ndipo ikakhala nthawi yaitali osapuma zinthu zimatha kusokonekera m'kati mwake, kotero kuti kuizimitsa kwa theka la mphindi kumaibwezeradi m'chimake. Koma tiudziwe mtengo wa chimene tachita. Marauta ambiri amalemba okha mbiri ya zimene zikuwachitikira, ola ndi mphindi imene adalekana ndi kampani pamodzi ndi chifukwa chake, ndipo ochuluka a iwo amasunga mbiriyo pamalo pamene pamafufutika magetsi akangochoka. Wozimitsa msanga wapulumutsa madzulo amodzi, koma wapirikitsa mboni yaikulu isanatsegule pakamwa. Ndiponso sadzadziwa konse ngati intaneti ija ikadabwerera yokha pa mphindi yomweyo, iye akadapanda kukhudza kanthu.

Chifukwa chake zida zoyamba pa ntchitoyi ndizo kope ndi cholembera, zoikidwa pambali pa rauta kuti aliyense wa m'nyumbamo, ngakhale mwana wa Sitandade 5, alembemo. Ikaduka, mulembedwe tsiku, ola ndi mphindi. Mulembedwe nthawi imene yakhala isanabwerere. Ndani adali pa intaneti, ndipo adali m'chipinda chiti. Nyale za pa rauta zinkaoneka motani, kaya ina idasanduka yofiira, kaya zonse zidathima pamodzi ndi kuyakanso imodziimodzi. Kunja kudali dzuwa, mphepo kapena mvula. Ndipo m'nyumba mudayatsidwa chiyani nthawi imeneyo. Pano ndionjeze mawu amene achinyamata sangawakonde: mboni yoposa onse kawirikawiri ndi agogo aja amene amakhala pakhomo tsiku lonse, amene timawayesa osadziwa za makina, pakuti iwo ndiwo angakuuzeni kuti nyale zija zimathima nthawi iliyonse ketulo ikayatsidwa, chinthu chimene inu opita ku ntchito simungachione. Kulemba kumeneku kuoneka kwachibwana tsiku loyamba ndi lachiwiri, koma mlungu ukamatha mizere ija imayamba kulankhula yokha.

Kuti ndisaoneke ngati ndikukuza kanthu kachabe, ndikumbutse zimene zidachitika ku Aberhosan, mudzi waung'ono wa m'chigawo cha Powys ku Wales, zimene mbiri yake idawanda mu Seputembala 2020. Kwa miyezi 18 anthu a m'mudzimo ankasautsidwa ndi intaneti imene inkasokonekera m'mawa uliwonse nthawi ya 7 koloko. Amisiri a Openreach, kampani yosamala mawaya a mafoni ndi intaneti ku Britain, adabwera kambirimbiri, nayesa mawaya, nawapeza ali bwino; adafika pochotsa mawaya ambiri akale ndi kuikapo atsopano, koma kutacha, 7 koloko itakwana, vuto lidabweranso monga kale. Potsiriza adaleka kusintha zinthu, nayamba kutchera khutu ku ola lija. Adalawirira m'mamawa, nayenda m'mudzimo ndi chipangizo choyezera mafunde a magetsi a mumlengalenga, nadikira. Ndipo 7 koloko itagunda, chipangizocho chidaonetsa phokoso lalikulu la magetsi, limene atalitsata lidawafikitsa pa nyumba ina, m'mene munthu wosadziwa kanthu, wopanda choipa mumtima, ankayatsa wailesi yakanema yakale nthawi yomweyo tsiku ndi tsiku. Wailesiyo ndiyo inkamwaza phokoso limene linkasokoneza mawaya a mudzi wonse. Mwini wake, amene dzina lake amisiriwo adalibisa mwaulemu, adagwidwa ndi manyazi, nalonjeza kuti sadzaiyatsanso, ndipo mudzi udaona mtendere. Taonani kuti mawaya atsopano aja, pamodzi ndi chuma chonse chimene chidathera pamenepo, sadathandize kanthu. Chidathandiza ndi funso limodzi lakuti, nanga bwanji 7 koloko?

Funso loyamba lofunsa mboni za m'nyumba ndi ili: pamene yaduka, yadukira onse kapena mmodzi? Ngati laputopu ya bambo yokha ndiyo yataya intaneti pamene mafoni a ena akuyenda bwino, rauta ndi kampani zituluke m'bwalo, pakuti mlandu uli pa laputopuyo. Kawirikawiri imakhala ikugoneka kachipangizo kake ka Wi-Fi pofuna kusunga batire, kapena pulogalamu yoyendetsa kachipangizoko yakalamba ndipo pafunika yatsopano. Koma ngati onse adukiridwa pamodzi, pamenepo tisanyengedwe ndi timizere tija ta Wi-Fi tokhala pamwamba pa galasi la foni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Timizereto, tingakhale tadzaza tonse, sitichitira umboni za intaneti ayi; tinena chinthu chimodzi chokha, kuti foni ndi rauta zikumvana m'kati mwa nyumba. Ulendo wochokera pa rauta kunka ku nsanja ya netiweki kapena ku chingwe cha faiba, ndi kuchokera kumeneko kunka ku makina a kampani, ku nyanja yamchere ndi kutsidya kwake, ndi ulendo wina, umene timizereto sitiudziwa. Anthu ambiri amasokonezeka chifukwa amayesa maulendo awiriwa ndi umodzi, ndipo amene waphunzira kuwalekanitsa wazenga kale theka la mlandu.

Chilipo chida chaching'ono chowalekanitsira, chimene chili kale m'kompyuta iliyonse ndipo sichilira ndalama, dzina lake ping. Adachilemba Mike Muuss, katswiri wa ku America, mu Disembala 1983, ndipo kufikira lero palibe mmisiri wa netiweki amene amagwira ntchito popanda icho. Ntchito yake ndi kutuma kauthenga kakang'ono ku adiresi imene mwaitchula, ndi kukuuzani ngati yankho labwera, ndiponso kuti lachedwa motani. Pa kompyuta ya Windows mutsegule mazenera awiri a Command Prompt. M'loyamba mulembe ping, kenaka adiresi ya rauta yanu, imene kawirikawiri idalembedwa kunsi kwake ndipo imakhala 192.168.1.1, kapena 192.168.0.1, kapena 192.168.8.1, ndipo mutsirize ndi -t kuti isaleke kufunsa. M'lachiwiri muchite chimodzimodzi ndi adiresi yakutali yosagona tulo, monga 8.8.8.8 ya Google. Muzisiye ziziyenda, inu muzigwira ntchito zanu. Ikadzaduka, musathamangire ku soketi. Mukaone mazenera aja. Ngati onse awiri atonthola, vuto lili m'nyumba mwanu, pakati pa kompyuta ndi rauta kapena m'rauta momwemo. Ngati rauta ikuyankha koma yakutali ija yatonthola, Wi-Fi yanu yayera, ndipo mlandu uli kuyambira pa chingwe chotuluka m'rauta kunka kunja. Ndipo ngati onse awiri akuyankha koma masamba sakutseguka, woganiziridwa ndi DNS, kaundula uja amene amasandutsa maina a masamba kukhala manambala omveka kwa makina, ndipo pamenepo rauta iuzidwe kuti izifunsa kaundula wina, monga 8.8.8.8 yomweyo kapena 1.1.1.1 ya Cloudflare. Mboni ziwirizi sizikondera munthu, ndipo siziopa kampani kapena mwini nyumba.

Mlandu ukapezeka kuti uli m'nyumba, ine ndimayamba ndi amene anthu samuganizira konse, ndiye adaputa, kabokosi kakuda kaja kolowa m'soketi, kamene kamatsitsa magetsi a pakhoma kuwafikitsa pa muyeso wochepa umene rauta imadya, umene pa marauta ambiri ndi 12V. Kanthu kameneka kamakalamba mwakachetechete. Kwathu kuno, kumene magetsi amathima ndi kuyaka, nthawi zina n'kubwera ofooka madzulo pamene nyumba zonse zikuphika, nthawi zina n'kubwerera mwaukali atathima, tizipangizo ta m'kati mwake timatopa msanga. Ndipo adaputa yotopa siifa tsiku limodzi, koma imapatsa rauta mphamvu yokwanira pamene ntchito ili yochepa, ndipo anthu akachuluka pa Wi-Fi, kapena firiji ikadzuka, kapena wina akayatsa simbi yamagetsi pa soketi yomweyo, mphamvu imatsika kwa kamphindi, rauta n'kuzima ndi kudziyatsanso yokha, kotero kuti pofika pamene yadzuka bwinobwino ndi kulumikizananso ndi kampani, zapita mphindi ziwiri zija. Umboni wake suvuta kuupeza. Mukalemba adiresi ya rauta ija mu Chrome kapena m'pulogalamu ina yotsegulira masamba, mudzalowa m'tsamba la rautayo, m'mene muli malo osonyeza nthawi imene yapita kuyambira pamene idayaka komaliza. Ndipo ngati malowo aonetsa mphindi 6 pamene palibe munthu amene waizimitsa chiyambire dzulo, mwadziwa kuti ikudzizimitsa yokha. Yesani adaputa ina, koma manambala olembedwa pamsana pake agwirizane ndi a yakaleyo, pakuti yosiyana muyeso ikhoza kuotcha rauta. Ndipo amene angathe aike kabatire kosungira magetsi pakati pa soketi ndi rautayo. Ndi chinthu chomvetsa chisoni kuona banja likutaya rauta yabwinobwino ndi kugula yatsopano ya ndalama zambiri, pamene wolakwa adali kabokosi kotsika mtengo kamene kadatsala pakhoma. Mnzake wa vuto limeneli ndiko kutentha. Rauta yotsekeredwa m'kabati, kapena yosanjikidwa pa dikoda, kapena yofunditsidwa kansalu koluka kuti isade ndi fumbi, m'nyumba ya malata mwezi wa Okutobala, idzachita chimodzimodzi, ndipo kope lija lidzaonetsa kuti kuduka konse kwaunjikana masana dzuwa lili paliwombo.

Rauta ikapezeka kuti sidazime, ufunsidwe mlengalenga wa m'nyumba. Njira yake ndi yachidule: mulumikize kompyuta ku rauta ndi chingwe, muzimitse Wi-Fi ya kompyutayo, ndipo mukhale choncho tsiku lathunthu; kuduka kukaleka, wolakwa ndi Wi-Fi. Mafunde ake amayenda m'magulu awiri odziwika, la 2.4 GHz ndi la 5 GHz. Loyambalo limafika patali ndipo limaboola makoma bwinopo, koma ndi lothithikana, pakuti m'menemo muyendanso Bluetooth, ndi uvuni wa microwave umene umaphika ndi mafunde a pafupi pomwepo, ndi marauta onse a anansi. Ndipo ngakhale lili ndi matchanelo oposa 10, atatu okha, 1, 6 ndi 11, ndiwo sapondana. M'nyumba zogundizana za m'tauni marauta asanu akhoza kupezeka pa tchanelo imodzi, ndipo madzulo, anthu onse akaweruka ku ntchito, amalankhula mopikisana kufikira palibe womva mnzake. Kusamukira pa tchanelo yopanda anthu ambiri ndi ntchito ya kanthawi kochepa m'tsamba lija la rauta. Gulu la 5 GHz ndi laliwiro ndiponso lopanda phokoso lambiri, koma khoma la njerwa zootcha ndi simenti limalifooketsa msanga, ndipo likadutsa makoma awiri kapena atatu limafika litatheratu mphamvu. Malata, chitseko chachitsulo ndi thanki ya madzi ndi adani a magulu onse awiri. Rauta ikhale pamalo okwera, poyera, chapakati pa nyumba, isabisidwe pansi kuseri kwa wailesi yakanema kumene timakonda kuikankhira kuti alendo asaone mawaya.

Palinso chobisika china chimene akale adachinena ndi mawu atatu okha: "Mapanga awiri avumbwitsa." Foni imene ili m'chipinda chakutali, kumene magulu awiri aja afika onse koma mofooka, imalumpha kuchoka ku ili kunka ku ilo, kapena kuchoka pa Wi-Fi kunka pa data ya simukhadi ndi kubwereranso, ndipo pa kulumpha kulikonse kukambirana kumaduka. Choposa pamenepa chimachitika pamene mwini nyumba, pofuna kuti Wi-Fi ifike ku kanyumba ka kuseri kumene kumagona anyamata, walumikiza rauta yachiwiri ku yoyamba osasintha kanthu m'kati mwake. Rauta iliyonse idapangidwa kuti izigawa maadiresi kwa zipangizo za m'nyumba, ntchito yotchedwa DHCP, ndipo ziwiri zikamagawa m'nyumba imodzi, foni ikhoza kulandira adiresi kwa imene ilibe njira yotulukira kunja, kapena zipangizo ziwiri kupatsidwa nambala imodzi n'kumalandana. Lero ziyenda, mawa ayi, monga mwa rauta imene yayamba kuyankha. Wogawa akhale mmodzi. Winayo aletsedwe ntchito imeneyo, atsale wongofalitsa mafunde.

Za zingwe ndingodutsapo, ngakhale si zazing'ono. Kapulasitiki kogwira mutu wa chingwe kakathyoka, chingwecho chimagwedera m'malo mwake, nichiduka nthawi iliyonse wosesa akakankha tebulo. Za kudenga makoswe amatafuna. Za kunja dzuwa limazing'alula, madzi a mvula n'kulowa molumikizira. Chingwe cha Ethernet, chija cholumikiza kompyuta ku rauta, sichiyenera kupitirira mamita 100. Ndipo cha faiba, popeza m'kati mwake muli ulusi wa galasi woyendamo kuwala, sichifuna kupindidwa mwamphamvu pa ngodya ya khoma kapena kupanidwa ndi chitseko. Ana aja, amene mayi adawaneneza poyamba, nthawi zina ali nako kulakwa kosadziwa: foni imene ikutumiza zithunzi ndi makanema ake onse kukasungidwa pa intaneti imadzaza njira yotulukira, imene kawirikawiri ndi yopapatiza kuposa yolowera, ndipo ena onse amayesa intaneti yaduka pamene yangotsamwa. Pa zonsezi lamulo ndi limodzi, ndipo ndilinena motsindika chifukwa ndilo limene anthu amaliswa koposa: musinthe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo mudikire. Amene asintha chingwe, tchanelo, adaputa ndi malo a rauta tsiku limodzi, vuto likatha sadziwa chimene chalithetsa, ndipo likadzabweranso adzayambira pomwe adayambira. Nako kabowo kaja kolembedwa Reset kasalaswe ndi singano mwaphuma, pakuti kamafufuta zonse zimene amisiri a kampani adaikamo, ndipo amene adali ndi intaneti yodukaduka akhoza kutsala wopanda intaneti konse.

Koma tinene zoona, nthawi zambiri nyumba imapezeka yosalakwa. Amene rauta yake imayendera simukhadi adziwe kuti nsanja ya netiweki imagawira anthu onse a dera limodzi, ndipo madzulo, onse akagwira mafoni awo, gawo la aliyense limachepa. Adziwenso kuti nsanjayo nayo imadalira magetsi, ndipo akathima imakhalira mabatire ndi jenereta, kotero kuti inu mukhoza kukhala ndi sola pakhomo panu, nyale za rauta zili ngwee, pamene nsanja ili mumdima. Rauta yotere isendezedwe pa zenera loyang'ana kumene kuli nsanjayo. Amene ali ndi mbale ya Starlink, imene idayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, akumbuke kuti masetilaiti ake sakhala malo amodzi, koma amadutsa kumwamba, kotero kuti nthambi imodzi ya mango yotchinga kachigawo ka thambo imadula intaneti kwa timasekondi nthawi iliyonse setilaiti ikapita kuseri kwake. Pa faiba, nyale yofiira yolembedwa LOS itanthauza kuti kuwala sikukufika, ndipo mutaona kuti chingwe cha m'nyumba sichinapindike kapena kuzuka, ntchito yotsala ndi ya kampani.

Ndipo kuseri kwa zonsezi kuli nyanja. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, chotero intaneti yathu yambiri imadzera m'zingwe zodutsa m'maiko a anzathu, monga Tanzania ndi Mozambique, kukalumikizana ndi zingwe zogona pansi pa Indian Ocean, monga cha SEACOM chimene chidayamba ntchito mu 2009, ndi cha EASSy cha mu 2010. Pa 12 Meyi 2024 zingwe ziwirizi zidaduka pamodzi m'nyanja chakumpoto kwa Durban, ndipo intaneti idafooka ku Tanzania, ku Mozambique, ku Malawi, ku Kenya ndi kwina. Mtima wanga umalingalira anthu ambirimbiri amene tsiku limenelo adazimitsa ndi kuyatsa marauta awo, nakalipira ana awo, nagula mabandulo ena, chifukwa cha chingwe chimene chidali kutali makilomita oposa 1,000, pansi pa madzi, chimene sichikadakonzedwa ndi wina koma sitima yapamadzi ndi amisiri ake. Uthenga umodzi wopita kwa mnansi, wofunsa kuti kodi kwanuko ikuyenda, ukadawapumitsa ku zonsezi. Safunsa adadya phula. Mnansi yemwe uja timamukayikira kuti adaba pasiwedi ndiye mboni yapafupi koposa, pakuti ngati iye ali pa kampani imodzi ndi inu ndipo wadukiridwa mphindi yomweyo, palibenso chifukwa chofufuzira m'nyumba mwanu.

Tsono wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kampani ili ndi makasitomala zikwi ndi zikwi, ndipo wolandira mafoni ku ofesi yawo, amene nayenso ndi mwana wa munthu wogwira ntchito monga adamulangizira, akangomva mawu akuti intaneti ikuvutavuta alibe choyankha china koma kukuuzani kuti muzimitse ndi kuyatsanso. Koma mukamuuza kuti kwa masiku 7 yaduka nthawi zakutizakuti, kuti mwayesa ndi chingwe osati Wi-Fi yokha, kuti rauta yanu inkayankha pamene 8.8.8.8 idatonthola, kuti sidazime ngakhale kamodzi, ndi kuti mnansi wanu adadukiridwa pamodzi nanu, mwamupatsa chinthu chimene angathe kukachitula kwa amisiri, ndipo amisiriwo adzadziwa ola loti abwere ndi malo oti ayang'ane. Mulankhule naye mwaulemu, mupemphe nambala ya dandaulo lanu, ndipo muilembe pamodzi ndi tsiku limene mwaimba. Inunso amisiri, amene mumayenda khomo ndi khomo, musamuyese wabodza munthu chifukwa chakuti mwapeza nyale zonse zili zobiriwira. Mufunse ola, muwerenge zimene adalemba, ndipo ngati n'kotheka mubwerenso pa ola lomwelo. Milungu ikapita popanda chithandizo, lilipo bungwe la MACRA, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 kuti liziyang'anira ntchito za mauthenga m'dziko muno, ndipo limalandira madandaulo a ogula amene kampani yawo yalephera kuwamva. Inu owerenga, mudalipira intaneti yathunthu, ndipo ndi ufulu wanu kukaifunsa. Koma yambani lero kulemba, kuti pa tsiku lopita kumeneko mudzapite ndi umboni wanu m'manja.